Kanjedza wa Akamwini

Hull, Lachitatu pa 29 Sepitembala 2010

Achemwali anga a Lucy,

Ndakhala pansi kulemba nthawi ya teni koloko m'mawa, mwana atagona, mayi ake, mwana wanga Lizzie, nayenso atagona, nyumba ili zii. Moni nonse ku Bembeke. Kodi miyendo ija ikukulolani kufika kutchalitchi? Nanga mlongo wathu Dunstan, chifuwa chija chinamusiya? Mundiuze za aliyense, ngakhale za anthu amene sindigwirizana nawo. Makamaka za iwowo.

Ine ndili bwino. Mdzukulu wanu anabadwa ndili pompano, wamkazi, dzina lake Tinenenji. Mphuno ndi yakwathu, mwayi wake. Makutu ndi a kwa bambo ake, koma tsitsi likamera adzabisika.

Nyumba za kuno, achemwali, n'zopapatiza ngati khola la nkhunda. Mkamwini sungamupewe. Kwathu ukamuona akubwera umapatukira m'chimanga, nanga kuno upatukira kuti? Khomo ndi limodzi, makwerero ndi amodzi. Tsiku lina tinakumana pakati pa makwererowo, ine n'kutembenukira kukhoma, iwo n'kutembenukira kukhoma, tinaima choncho ngati ana olangidwa kusukulu mpaka Lizzie anatipeza n'kuseka kufuna kugwa. Koma akamwini athuwa a Edmund ndi munthu woleredwa, pamenepo ndisaname. Sanandiyang'anepo m'maso. Akafuna kundiuza kanthu amauza khandalo kuti liwafunsire agogo ake ngati amwa tiyi, ine n'kuuza khanda lomwelo kuti liwauze bambo ake kuti ndamwa koma shuga wa kuno ndi waulesi. Mwana sanathe mwezi wayamba kale ntchito ya mtengatenga.

Tsono nkhani imene ndakulemberani ndi iyi. Pafoni sindinganene, makoma a kuno ali ngati mapepala, ndiponso inu pafoni mumangoti "ee? ee?" mpaka mayunitsi kutha. Mchombo wa mwana unagwa sabata yatha. Lizzie, ndi unamwino wake uja, anaukulunga m'kapepala n'kuuponya mu bini pamodzi ndi makoko a mbatata. Nditafunsa anati zokwirira mchombo n'zachikale, kutchalitchi kwawo sazifuna. Atangolowa kokasamba ndinapisa dzanja mu binimo, ndipo pano mchombo uli pa mfundo ya chitenje changa. Wanu uli pansi pa mtengo wa mapichesi, wanga uli pa nthochi, wa Lizzie yemweyo ndinaukwirira ndekha pa mapeyala aja. Ndiye wa mwana wake utengedwe ndi lole ya zinyalala, ine ndili moyo?

Kuseri kwa nyumba kuli kabwalo ka udzu, kukula kwake ngati mphasa zinayi, kopanda mtengo ndi umodzi womwe. Koma mtengo ulipo. Uli m'nyumba, pabalaza, mu mphika waukulu pafupi ndi wailesi ya kanema. Ndi kanjedza, koma osati wakwathu uja. Masamba ake ndi odukaduka kunsonga ngati mchira wa chambo, kapena titi ngati mbuzi inayamba kudya n'kusintha maganizo. Msinkhu wandipitirira. Akamwini amaupukuta masamba ndi kansalu Loweruka lililonse, n'kuutembenuza kuti uone windo. Mtengo wathunthu kukhala pabalaza ngati mlendo wodikira tiyi. Ndaumvera chisoni.

Maganizo anga ndi oti ndikwirire mchombo pakabwaloko n'kudzalapo mtengowu, zinthu ziwiri zikonzeke tsiku limodzi. Inu ndinu akulu, ndilangizeni nthawi yake.

Ndine mng'ono wanu,
Malita


Bembeke, pa 17 Okutobala 2010

Mng'ono wanga Malita,

Tithokoze Ambuye chifukwa cha mphatso ya mwana. Kalata yako ndalandira, ndipo ndaiwerenga ndekha kuchipinda poona kuti muli nkhani ya amayi. Kuno tonse tili bwino kupatula miyendo yangayi. Dunstan chifuwa chinatha, pano akudandaula msana, poti nthawi yolima yafika. Anaphiri aja umadana nawo agula malata. Ndangokuuza poti unafunsa.

Wachita bwino kutola mchombowo. Lizzie usamukalipire, ndi mwana, sukulu inamutengera zina n'kumupatsa zina. Akamwininso usawafunse. Nkhani ya mchombo si ya amuna, ndipo ine ndikuona kuti adzakondwa kupeza mtengo wawo uli pa dothi lenileni. Kapena amaopa kukumba pa malo a eni, paja anthu a mu ofesi ndi amantha.

Koma usapupulume, ndimakudziwa. Mtengo sitidzala pa fumbi. Dikira mvula yodzalira, osati yoyamba ija yongozimitsa lupsa. Ukakumba n'kupeza kuti chinyezi chalowa mpaka dzanja lonse, pamenepo dzala. Mwezi wake ndi Novembala monga mwa nthawi zonse. Mchombo uike pansi penipeni, uthire dothi pang'ono, kenako mtengo pamwamba, upondeponde bwino.

Za chisanu usade nazo nkhawa. Chisanu ndi cha mu Juni ndi Julaye, pofika nthawi imeneyo mtengo udzakhala utagwira. Ife a ku Dedza wina sangatiphunzitse za chisanu.

Ukapeza wobwera kuno unditumizire juzi yokhuthala ndi mafuta aja opaka m'mawondo. Juziyo isakhale yofiira, ndakula.

Ndine mkulu wako,
Lucy


Hull, Lolemba pa 8 Novembala 2010

Achemwali,

Moni. Malata a Anaphiri ndamva, tidzaona ngati adzakhale ndi khoma loikapo. Juzi ndagula, ikubwera ndi mayi wina wa ku Lilongwe amene anyamuke sabata ya mawa. Mvula kwanuko yayamba?

Kuno yayamba, ndipo ntchito ija ndagwira. Mvula ya kuno ilibe ulemu, siigunda, siichenjeza, imangonyenyeka tsiku lonse ngati mwana wolira chimene waiwala. Koma chinyezi chake ndi chenicheni. Ndinakumba, dzanja lonse linalowa monga munanenera.

Ndinasankha Lachinayi, akamwini atapita ku Wakefield kuntchito kokagona komweko, Lizzie atapita ndi mwana ku sikelo. Khasu kuno kulibe. Ndinabwereka fosholo kwa a Ken, mzungu wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, amene amakhala tsiku lonse m'kadimba kake kucheza ndi kabichi. Chizungu changa mukuchidziwa, koma manja ndili nawo, ndinangoonetsa kukumba iwo n'kundipatsira pamwamba pa mpanda. Ataona ndikukoka mphika uja kutuluka nawo pakhomo anayamba kulankhula zambirimbiri, kuloza kumwamba, kupukusa mutu, kudzikumbatira n'kumanjenjemera. Ndinadziwa kuti akundidandaulira kuti sindinavale jekete. Ndinawathokoza n'kupitiriza. Azungu akakalamba amakhala ndi mtima wabwino.

Mizu, achemwali, mukanaiona mukanalira. Inapiringizana mu mphikamo ngati matumbo a nkhuku, kusowa kopita. Ndinaika mchombo pansi, ndinapemphera, ndinadzala, ndinapondaponda. Mtengo unaima pamvula masamba ali pekupeku, ngati mkaidi amene amutulutsa.

Akamwini anabwera Lachisanu madzulo. Ine ndinali kukhitchini, chitseko chili chotsekula pang'ono. Anaima pamene panali mphika paja. Kenako anapita pawindo loyang'ana kuseri, n'kuima pamenepo nthawi yaitali, chikwama chili m'manja. Atatembenuka ndinaona maso awo atanyowa. Ananyamula mwana n'kunena motsitsa kuti, "Tinenenji, uwathokoze agogo ako, agwira ntchito yaikulu." Ndinayankha kudzera mwa yemweyo kuti palibe kanthu, ndi ntchito yathu. Mwaona? Munanena zoona kuti adzakondwa.

Wosayamika ndi mwana wanu Lizzie. Loweruka anandilondola kuchipinda kudzandiuza kuti mtengo uja ufa, kuno kumazizira, ndiubwezere m'nyumba. Ndinamufunsa kuti khasu analigwira liti, poti ine ndimakumbuka munthu amene nthawi yopalira ikafika mutu unkamupweteka. Ndinamuuzanso kuti mawu a nthawi yodzalira ndatenga kwa amayi ake aakulu, ngati akufuna kutsutsa akatsutse inu. Anangokweza manja n'kunena kuti iye ali ndi mwana woyamwitsa, za ine ndi amuna ake salowererapo. Za mchombo sindinamuuze.

Kuzizira kulipo, sindikana. Dzuwa limatuluka mochedwa n'kubwerera msanga ngati wantchito wa boma. Koma ndi kuzizira kwa mvula chabe.

Malita


Hull, pa 10 Novembala 2010

Okondedwa Malume a Dunstan,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumudzi. Ife tili bwino, mwana akukula, ndipo amayi akutithandiza kwambiri moti sitikudziwa kuti tikanatani popanda iwo. Ndayesa kuimba foni yanu kangapo koma siikupezeka, n'chifukwa chake ndalemba.

Ndabwera kwa inu ngati ankhoswe athu chifukwa pali kusamvana pang'ono m'nyumba muno kumene ine sindingakukonze ndekha. Ndili ndi mtengo umene ndausunga kuyambira ndili pasukulu ku Sheffield. Kuno amautcha fishtail palm chifukwa masamba ake amaoneka ngati mchira wa nsomba. Ndinaugula uli kakang'ono chifukwa wonga womwewo uli pakhomo pa malemu mayi anga ku Zomba, ndipo ndasamuka nawo nyumba zitatu. Sabata yatha amayi anautulutsa n'kuudzala panja. Ndikudziwa kuti anachita mwa chikondi.

Vuto ndi lakuti mtengowu ndi wa kumalo otentha. Kukangozizira kufika pa zero masamba amapsa, ndipo kukatsika madigiri awiri kapena atatu kupitirira pamenepo thunthu limafa. Ilipo mitundu ina ya kumapiri imene akuti imapirira pang'ono, koma wangawu si umenewo, ndipo ngakhale imeneyo sindingaiyese panja kuno ku Yorkshire. Kuno nyengo ndi yotembenuka, malume. Chisanu chimayamba kumapeto kwa Novembala mpaka Malichi, ndipo si cha m'mawa chokha ngati cha ku Dedza. Nthaka yeniyeniyo imauma gwa.

Lizzie anayesa kuwauza, sizinatheke. Ine sindingazule chimene apongozi adzala ndi manja awo, ndipo sindingaime pamaso pawo kuwauza kuti alakwitsa. Sindinaleredwe choncho. Lizzie akuti munthu mmodzi yekha amene amayi amamumvera ndi amayi aakulu a Lucy. Chonde akambirane nanu, ndipo awalembere kapena kuwaimbira msanga kuti mtengo ubwerere m'nyumba, koma zisaoneke ngati zachokera kwa ine.

Pakadali pano ndaitanitsa nsalu yofunditsa mbewu, amaitcha fleece, kuti ndiziufunditsa kukafuna kuzizira kwambiri. Ingathandize masiku ochepa chabe. Nkhaniyi ndi ya changu.

Ndine mkamwini wanu,
Edmund


Hull, Lolemba pa 29 Novembala 2010

Achemwali,

Moni wa lero ndi waufupi, nkhani ndi yaitali. Khalani pansi, miyendo yanuyo ingakugwetseni. Chisanu chija munati ndi cha mu Juni chabwera mu Novembala, ndipo sichinabwere chokha.

Ndiyambe poyambira. Sabata yatha mphepo inasintha, inayamba kuluma ngati ili ndi mano. Lachitatu madzulo ndisuzumire pawindo, ndinaona chinthu chimene chinandiumitsa malovu. Mtengo uja waukulunga nsalu yoyera mbee kuyambira kumutu mpaka pansi, aumanga chingwe pakhosi, china m'chiuno, china kumapazi. Achemwali, inu ndi ine tasambitsa maliro angati? Mukudziwa chimene timamanga choncho. Nsanda yeniyeni, itaima pamwamba pa mchombo wa mwana wa miyezi iwiri.

Ndinauza Tinenenji kuti afunse bambo ake kuti wamwalira ndani kuseriko. Iwo anauza Tinenenji kuti awauze agogo kuti palibe, ndi bulangete la mtengo chabe, lisachotsedwe. Bulangete loyera munaliona kuti? Ndinapirira masiku angapo, tulo osabwera. Loweruka akamwini anaumanganso bwinobwino masana n'kupita ku Sheffield ku mapemphero a Amalawi. Atangotuluka ndinakamasula chinsalu chonsecho n'kuchibisa pansi pa bedi langa. Sindinausiye wamaliseche, ndinaufunditsa chitenje changa cha maluwa ofiira chija, kuti ngati ndi kufunda ufunde zooneka za anthu amoyo. Iwo anabwera kutada, sanaone kanthu.

Lamlungu m'mawa nditsegule chitseko chakuseri, dziko lonse lili mbuu. Udzu unkathyoka pansi pa phazi ngati mabotolo. Madzi a m'ndowa asanduka mwala. Chitenje changa chinauma ngati chikopa cha ng'ombe, ndinachita kuchisenda. Ndipo mkatimo, mayo, masamba onse ali lende, akuda bii ngati nkhwani wofutsa. Ndinazindikira pompo. Ndi momwe mbatata zathu zinaonekera chaka chija kudimba la kumtsinje. Pamenepo m'nyumba mwana anayetsemula, poti ali ndi kachimfine. Ndinati ndapha mtengo wa mchombo wa mwana ndi manja angawa.

Fosholo ya a Ken ndinali ndisanabweze. Ndinayamba kukumba, koma nthaka pamwamba inali ngati simenti, fosholo inkangodumpha. Ndikumva chitseko, akamwini atuluka, ali ndi patapata ndi jekete pamwamba pa zovala zogonera. Anayang'ana mtengo, anayang'ana chitenje chili pansi. Kenako anacheukira kukhomo, inenso ndinacheukira kukhomo. Tonse timafuna Tinenenji. Koma mtengatenga wathu anali m'mwamba akuyamwa, ndipo mwana wachimfine sungamutulutse pa chisanu chotere kuti adzanyamule mawu.

Tinaima. Iwo kuyang'ana mpanda, ine kuyang'ana ndowa. Ndinaona kuti tikapitiriza ulemu umenewu tiuma tonse atatu. Ndinatembenuka.

"Bambo," ndinatero, "pansi pa mtengo wanuwu pali mchombo wa mwana wanu. Ndinautola mu bini."

Kwa nthawi yoyamba chikwatire mwana wanga, anandiyang'ana kumaso. Maso awo ndi abwino, achemwali, sindinkadziwa.

"Amayi, bwanji simunanene?"

"Ndikananena kudzera mwa yani? Mwini mchomboyo?"

Anafuna kuseka, anadzigwira, kenako kunawapulumuka. Inenso ndinaseka misozi ili m'masaya, ndipo misoziyo inkazizira. Atatha anavula jekete n'kundiveka, n'kunena kuti tikumbe motalikira, titenge dothi lonse pamodzi, pasatsale kanthu.

Ntchito inali pamenepo. Ine kuthamanga ndi ketulo ya madzi ofunda kuthira mozungulira, iwo kukumba. Chouma chinali chapamwamba chokha, pansi dothi linali lofewa, ndipo anati chimenecho ndi chabwino. A Ken anatulukira pa mpanda, sanalankhule zambiri ulendo uno, anangobwera ndi wilibala ndi chibeseni chachikulu chakuda, poti mphika wakale sukanakwana dothi lonselo. Apa m'pamene ndinamvetsa kunjenjemera kwawo kwa tsiku lija. Tinalowa nawo m'nyumba atatu, matope pa kapeti ponseponse.

Lizzie anatipeza pabalaza. Chimene chinamudabwitsa si matope, koma kumva ine ndikuuza amuna ake kuti akweze mbali yawo, iwo n'kundiyankha kuti ndiyambe ndine. Anafunsa chachitika n'chiyani. Amuna ake anamuuza zonse. Anatembenukira kwa ine n'kungoti, "Amayi, mu bini?" Ndinati inde, ndipo ndikhoza kubwerezanso. Sananene za tchalitchi. Anapita kukatenga matawulo akale n'kuyala pansi pa beseni.

Tsono mmene zilili ndi umu. Akamwini akuti mathunthu amene akuonekawa afa, asatinamize. Koma akuti kanjedza wa mtundu uwu amabereka ana m'munsi ngati nthochi, ndiye ngati chisanu sichinafike ku mizu, mwana angatuluke. Angatuluke, angalephere, ndipo sitidziwa msanga. Mtengo ukanagona panja usiku wina umodzi, akuti sitikanavutika n'kukumba komwe. Ndi zoona, chifukwa lero kunja kukugwa sinowo, ufa woyera wochokera kumwamba, moti kabichi wa a Ken sakuoneka.

Chimfine cha mwana Lizzie akuti n'chimfine wamba, ndipo pa zimenezo ndimamukhulupirira. Koma mapepala anga okhalira kuno akutha mu Malichi, ndipo sindikufuna kukwera ndege nditasiya mchombo wa mdzukulu wanga pansi pa chitsa chakufa. Mundipempherere. Inunso mudzipempherere, poti Novembala munanena ndinu.

Malita


Bembeke, pa 12 Disembala 2010

Malita,

Moni nonse. Juzi yafika, ndi yabwino, koma ndi yofiira. Chilandirireni kalata yako yonena kuti wadzala sindinamvenso kanthu, ndiye ndikhulupirira mtengo ukukula bwino.

Ndalemba mwachangu. Akamwini ako analembera Dunstan. Dunstan ataona kuti kalata yachokera kwa mkamwini kupita kwa nkhoswe, n'kuwerenga mzere wonena za kusamvana m'nyumba, anaipinda pomwepo osapitiriza. Anati ukwati wa Lizzie watha, nkhani yotere sawerenga munthu mmodzi. Anadikira kuti abale onse apezeke, ndipo poti anthu ali kumunda zinatenga masabata. Dzulo tinasonkhana pakhonde pake, ena atachokera ku Linthipe, amayi ena atayamba kale kulira. Atawerenga mokweza tinapeza kuti ndi nkhani ya mtengo. A ku Linthipe anafunsa ngati pali tsamba lina limene lagwa.

Anthu anatsutsana kwambiri. Ambiri akuti chisanu cha mu Disembala ndi bodza, mkamwiniyo akungofuna mtengo wake. Inenso zikundivuta kukhulupirira. Koma mwana uja analemba mwaulemu, ndipo munthu wabodza salemba mwaulemu choncho. Akuti kumeneko nyengo ndi yotembenuka.

Ndiye ndikukuuza ngati mkulu wako: zula mtengowo msanga ubwerere m'nyumba chisanu chisanafike. Akamwiniwo anapempha kuti usadziwe kuti zachokera kwa iwo, ndiye ukhale ngati sukudziwa. Ndipo usayerekeze kuwalankhula pamaso, sunga ulemu wako.

Lucy


Hull, Lolemba pa 21 Febuluwale 2011

Achemwali anga,

Moni kwa inu ndi onse, ndi a ku Linthipe omwe, muwapepese chifukwa cha ulendo. Chimanga chili bwanji? Mudye mondokwa mundisiyireko, ndikubwera.

Kalata yanu yondichenjeza za chisanu inafika pakati pa Januwale, sinowo atagwa, atasungunuka, n'kugwanso. Mawu ochokera pabalaza kupita kukhitchini, kudzera ku Dedza, miyezi iwiri. Ndinawawerengera akamwini ndekha, maso ndi maso, mpaka pamene munati ndisayerekeze kuwalankhula. Anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Ulemu sunathe, musade nkhawa. Sitidyera pamodzi, ndipo pa makwerero amandipatukirabe. Kungoti pakamwa panatseguka, ndipo inu mukudziwa kuti panga pakatseguka sipatsekeka.

Ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinalibe chonena. Mu Disembala mathunthu aja anafewa n'kuyamba kununkha, akamwini anawadula onse kusiya zitsa zazifupi. Pabalaza panatsala beseni lakuda la dothi ndi zitsa. Alendo akabwera ankaliyang'ana n'kuyang'ana kumbali. Mayi wina wa kutchalitchi anafunsa Lizzie kuti bwanji osataya, ndipo ndinamva ndi makutu anga mwana wanu akuyankha kuti m'besenimo muli za banja, asakhudze. Ndinangomuphikira Lizzie nyemba mmene amazikondera.

M'mawa uliwonse ndinkagwada pa besenipo kuyang'ana. Ndinkafuna kuthirira tsiku ndi tsiku, akamwini ankakana, amati mizu yovulala ikamwa madzi ambiri imaola. Tinakangana. Ndinawauza kuti ndadzala mitengo iwo asanabadwe, iwo anandikumbutsa mwaulemu kuti womaliza umene ndinadzala ndi womwewu. Ndinawasiyira ketulo.

Mu Januwale m'besenimo munatuluka zobiriwira, ine n'kuimba nyimbo nyumba yonse. Unali udzu wa pakabwalo paja umene tinabwera nawo ndi dothi. Ndinauzula ndi mkwiyo. Kuyambira pamenepo ndinasiya kugwada, ndinkangodutsa n'kuyang'ana ndi diso limodzi. Sutikesi ndinayamba kulongedza mtima uli wolemera. Mwana ali bwinobwino, wanenepa, akuseka, chimfine chinatha kalekale, ndipo ndinkadziuza kuti chofunika n'chimenecho. Koma inu mukundidziwa.

Lachisanu lapitali m'mawa ndikumva kugogoda pa chitseko cha kuchipinda kwanga. Akamwini, atavala kale za kuntchito. Chibwerere kuno sanayandikirepo chitseko chimenecho. Anangoti, "Amayi, tabwerani mudzaone, mwina ndi udzunso."

Sunali udzu. M'mbali mwa chitsa chachikulu, pamene chimalowa m'dothi, panatuluka kansonga kobiriwira, kolimba, kosongoka ngati nthungo, kutalika ngati chala changa chaching'ono. Anandiuza kuti ndikakoke pang'ono. Ndinakoka, kanakana. Anati ameneyo ndi mwana wa kanjedza, mizu ili moyo. Tsamba lidzatambasuka ine nditapita, poti mtengowu suthamanga, koma adzanditumizira chithunzi. Ndinakhala pansi pa kapeti pomwepo. Lizzie anatsika ndi mwana, tinamuonetsa, iye n'kufuna kukathyola kuti adye. Akamwini anachedwa kuntchito tsiku limenelo.

Ndinawafunsa kuti tsono ukakula tidzaudzala panja mwezi uti, poti Novembala yakanika. Anati palibe mwezi, kuno mtengo umenewu panja umangocheza nthawi yotentha uli mu mphika, kukazizira n'kulowa. Anandiuzanso kuti nyumbayi ndi ya lendi ndipo akusamukira ku Wakefield pa Pasaka. Ndikanausiya pansi paja, mchombo ukanatsalira anthu osawadziwa. Pano beseni likwera nawo galimoto, likakhala pabalaza lina, ndipo akadzasamukanso lidzasamuka. Ine sindinaonepo munthu woyenda ndi pakwawo m'beseni, koma mwana uyu ndi wa kuno, ndipo mtengo wake uli moyo.

Ndinyamuka Loweruka la pa 5 Malichi. Kalatayi mukawerenga mupatse Dunstan, ndipo mukhale pomwepo mpaka afike kumapeto. Akatha ipite ku Linthipe, onse amene anasonkhana pakhonde paja amve kuti mbumba yawonjezeka ndi awiri, wina akuyamwa, wina wangotulutsa mutu m'dothi.

Ndine mng'ono wanu,
Malita